Unyolo wa Mapepala ndi Phala la Chinangwa

Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi ndi majumbo m'misewu ya ku Ndirande, pamene ndinapita kukacheza kwa achemwali anga aakulu. Tili pabalaza tikumwa tiyi ndi mbatata yophika, maso anga anakwera m'mwamba, ndipo ndinaona zingwe zonyezimira za Khirisimasi, zija m'masitolo amazitcha tinsel, zikadali lendelende kuchokera pa ngodya ina ya siling'i kufika pa ngodya inzake. Chofiira chinali chitasuluka mbali yoyang'ana kuzenera. Chasiliva chinali chitada ndi fumbi komanso utsi wa mbaula, ndipo kangaude anali atamangirirapo ukonde wake. Ndinafunsa kuti, "Achemwali, kodi izi munaiwala kutsitsa?" Iwo sanayang'ane n'komwe kumwambako. Anati, "Nditsitsirenji, mng'ono wanga? Disembala si uyu akubwerayu? Zikatsika zimathothoka, ndiye ndiyambenso kugula zina?" Panalibe choti nditsutse. Limenelo ndi yankho la mayi wodziwa mtengo wa chilichonse cholowa m'nyumba mwake. Komabe mtima wanga sunakhazikike, ndipo m'basi yobwerera ku Lilongwe, kuyambira pa Zalewa mpaka kupitirira Ntcheu, ndinkangodzifunsa kuti chandivuta n'chiyani kwenikweni, poti nyumba si yanga, denga si langa, ndipo zingwezo sizinalakwire munthu.

Kunyumba ya aphunzitsi kumene tinakulira, chakufupi ndi Thondwe, zokongoletsa za Khirisimasi sizinkachokera m'sitolo. Ntchito yake inkagwirika usiku, chifukwa masana a Disembala ndi a khasu: kupalira, kuthira feteleza, kubandira, kulimbana ndi udzu umene suchedwa kubwereranso mvula ikagwa. Tikatha kudya, amayi ankayala mphasa n'kuika koloboyi pakati, patali pang'ono ndi mulu wa mapepala. Sizasi m'nyumbamo inali imodzi, yosokera, ndipo amayi sankalola kuti ikhudze pepala chifukwa pepala limabunthitsa. Choncho achemwali, monga wamkulu, ankagwira lezala. Ankapinda tsamba la kope kangapo, kukanikiza mopindamo ndi chikhadabo, n'kudula timizere totambalala zala ziwiri. Ife aang'ono tinali omata. Kamzere ukapake phala kunsonga, ukapinde kuti kakhale mphete, utsine ndi zala mpaka kagwirane, kenako ulowetse kamzere kena m'mpheteyo n'kuchitanso chimodzimodzi. Phalalo ankaphika amayi eniake m'kachitini: ufa wa chinangwa pang'ono wosungunula m'madzi ozizira, kenako pa makala ozirala, akutakasa ndi kamtengo mpaka kuyera kwa ufa kuchoke, phala liyambe kuonekera mkati ndi kunanda. Ufa ukachepa, pepala linkanyowa n'kung'ambika. Ukachuluka, phala linkachita timibulu n'kukana kupakika. Mpaka lero phala limene lafika pomata ndimalidziwa ndi maso, ndipo sindinaiwale mmene linkaumira pazala, ife n'kumalisenda tili pamphasa yogona.

Kunena zoona, ntchitoyo inkayamba kalekale Disembala asanafike. Chaka chonse tinkakhala tikutola. Kapepala kasiliva ka m'paketi ya ndudu tinkakatola pakhonde pa golosale, kukawongola mosamala ndi chikhadabo kuti kasabooke, n'kukabisa m'buku. Timapepala ta masiwiti chimodzimodzi. Kalendala yakale, nyuzipepala ya Boma Lathu imene bambo atha kuwerenga, makope odzaza, zonse zinali ndi malo ake m'katoni pansi pa bedi. Mapepala onyolanyola a mitundu aja, a crepe, ankapezeka pang'ono ngati atsala pa zokongoletsa za kusukulu za pa 6 Julayi, pamene makalasi ankakoleka mitundu ya mbendera. Ofiira ndi obiriwira tinkawalandira ndi manja awiri. Akuda amayi ankawakana, amati chakuda sichilowa m'nyumba pa tsiku lobadwa mwana. Chaka chimene malipiro a bambo afika msanga, ankabwera ndi mpukutu wachikasu kuchokera kwa Amwenye ku Zomba, ndipo tinkadula malamba awiri a mitundu yosiyana n'kuwapota pamodzi. Koma unyolo weniweni, wautali wozungulira balaza lonse, unali wa makope. Ukayang'ana kudenga unkatha kuona masamu ako a teremu yatha, malembo okhota a mng'ono wako, ndi inki yofiira ya aphunzitsi pamene anachonga kapena kuzunguliza. Mphete imodzimodzi zasiliva tinkaziika motalikirana kuti zikwanire. Pa 24 madzulo bambo ankasanja mpando pamwamba pa tebulo, ife titagwira miyendo yake, n'kumangirira unyolowo kumitanda ndi khonje. M'mawa mwake, tisanasambe, tinkathyola masamba a mango ndi maluwa ofiira a mtengo wa flamboyant wa kumunsi kwa bwalo la mpira, n'kuwatunga pa luzi kuti tikoleke pamwamba pa khomo.

Kenako zinkayamba kuwonongeka, ndipo sizinkachedwa. Maluwa a pakhomo ankafota tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Mpweya wa dzinja ndi wachinyezi, choncho unyolo umene pa Khirisimasi unali wokungika bwino unkayamba kulendewera, mpaka bambo kumawerama podutsa. Pamene malata ankadontha, pepala la crepe linkasuluka n'kusiya mizere yofiira pakhoma la laimu; ife atsikana tinkatola zidutswa zonyowazo n'kumapaka milomo, amayi akatembenuka. Usiku mphemvu zinkabwera kudzadya phala la chinangwa lija m'malumikiziro, ndipo m'mawa unkapeza mphete yamasuka, unyolo waduka pakati, mbali imodzi ili pansi. Chaka chatsopano chikangodutsa, amayi ankangoti, "Zatha izi, tsitsani." Mapepala ankapita kukhitchini kukakolezera moto, chinthu chofunika kwambiri mu Januwale pamene nkhuni zili zonyowa. Masamba ndi maluwa ankapita kudzala. Balaza linkabwerera mwakale, loyera mbee, looneka lalikulu ndiponso losauka kuposa mmene linalili kale, ndipo ndimakumbukira kuti tsiku limenelo ndinkakhala ndi kachisoni kosadziwika bwino, kamene kankatha ndikangoona kapepala koyamba kasiliva pakhonde pa golosale.

Ndikuganiza kuti chimene chinandisautsa ku Ndirande chagona pa kachisoni kameneko. Ntchito ya chokongoletsa si kukongola kokha. Ntchito yake ndi kuuza aliyense wolowa m'nyumba, ngakhale mwana amene sanayambe kuwerenga, kuti lero si tsiku wamba. Kuti chinene zimenezo, chiyenera kukhala chinthu chimene dzulo panalibe ndipo mawa sichidzakhalapo. Chikakhala pamenepo chaka chonse chimafanana ndi kalendala ya chaka chatha imene yasiyidwa pakhoma chifukwa cha chithunzi chake: ilipo ndithu, koma palibe amene amafunsako tsiku. Zidzukulu za achemwali zikadzadzuka pa 25 Disembala zidzaona denga lomwe lija zinaona mu Ogasiti. Mpunga ndi nkhuku zidzakhalapo, Fanta adzakhalapo, mwina ndi zovala zatsopano, ndipo sindikunena kuti ana amenewo sadzasangalala. Koma mphindi ija yolowa pabalaza m'mawa n'kupeza kuti chipinda chimene umachidziwa chasanduka china, iwo sadzailawa.

Anthu a kumene miyambo imeneyi inachokera ankalidziwa bwino khalidwe lowerenga masiku limeneli. Mu 1839, mumzinda wa Hamburg ku Germany, m'busa wina dzina lake Johann Hinrich Wichern, amene ankasunga ana osauka, anatenga gudumu lakale la ngolo n'kuikapo makandulo, aakulu a masiku a Sabata ndi ang'onoang'ono a masiku ena, kuti ana aziyatsa limodzi tsiku lililonse mpaka Khirisimasi ifike. M'menemo ndi mmene munachokera nkhata ya Adventi imene timaiona m'matchalitchi ena, yokhala ndi makandulo anayi. Chiyambi chake chinali ana osaleza mtima ofunsa kuti kodi tsikulo lifika liti. Ku England nakonso mwambo ndi wakuti zokongoletsa zitsike pofika pa 5 kapena 6 Januwale. Ndipo masamba obiriwira amene iwo amapota kukhala nkhata n'kukoleka pazitseko ali ndi chifukwa chake: Disembala wawo ndi wa chisanu, mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, choncho nthambi ya paini yobiriwira m'nyumba ndi chinthu chodabwitsa. Kwathu kuno Disembala ndi mwezi umene dziko lonse labiriwira, chimanga chili m'mawondo, bowa ndi ngumbi zili pamsika, mango ali mbwee pansi pa mitengo. Kulowetsa chobiriwira m'nyumba sikunena chachilendo chilichonse. Mwina n'chifukwa chake ife maso athu ankathamangira chofiira, chachikasu ndi chasiliva. Ngakhale duwa lofiira la pa makadi a Khirisimasi lija, poinsettia, lochokera ku Mexico, kuno silimvera kalendala ya eniake. Masamba ake amafiira pokhapokha usiku ukatalika kwa masabata angapo, ndipo kwathu usiku umatalika nyengo yozizira, choncho m'mipanda ya ku Zomba ndi ku Blantyre limafiira cha mu Juni, Khirisimasi ili kutali. Likamafika Disembala limakhala chitsamba chobiriwira ngati china chilichonse.

Poyamba ndinkafuna kuti mlandu ndiuike pa kuchokera kunja. N'zosavuta kutero. Zingwe zonyezimira za masiku ano ndi pulasitiki ya mtundu wa PVC yodulidwa timizere, ndipo mbali yaikulu ya zokongoletsa za Khirisimasi za padziko lonse imapangidwa m'mafakitale a mumzinda umodzi wa ku China wotchedwa Yiwu, m'chigawo cha Zhejiang. Zimayenda pa nyanja m'makontena, kukwera malole kuchokera kudoko, n'kudzafika pa mabenchi a ku Limbe ndi m'masitolo a ku Area 2. Koma nditaganiza mofatsa ndinaona kuti mlandu umenewu suima. Flamboyant amene tinkathyola maluwa ake kwawo ndi ku Madagascar. Jakaranda amene amayala maluwa ake m'misewu ya Zomba mu Okutobala, amene zikhokhombe zake zouma tinkazipaka laimu n'kuzitunga pa ulusi, anachokera ku South America, chimodzimodzi boganiviliya wa m'mipanda. Mango anachokera ku India, kumene Ahindu mpaka lero amatunga masamba ake pa chingwe n'kukoleka pakhomo pa zikondwerero zawo. Chinangwa chimene tinkaphikira phala lomatira nachonso chinachokera kutsidya kwa nyanja, monganso chimanga. Unyolo wa mapepalawo si makolo athu amene anauyambitsa. Tinaphunzira kusukulu ndi kutchalitchi. Chimene chinali chathu pa zonsezo ndi manja, usiku umene tinkakhala pa mphasa imodzi, ndi nyengo imene inkatiuza kuti tsopano duwa ili lilipo, mawa silidzakhalapo.

Ndinawaimbira foni achemwali patapita masabata, ndipo nkhani ili mkati ndinawakumbutsa za unyolo wa ku Thondwe. Anaseka pang'ono, kenako anati, "Iwe unkangomata. Wodula ndinali ine, ndipo m'mawa mwake wolawirira kumjigo ndinali ine ndemwe." Anandikumbutsa zipsera za lezala za pa chala chawo cha mkombaphala. Kenako ananena mawu amene sanachoke m'mutu mwanga: "Tinkapanga chifukwa tinalibe." Anandiuza mmene ankaimira pa zenera la sitolo ya Kandodo ku Zomba, ali mtsikana, kuyang'ana zonyezimira zokoleka mkatimo, n'kudzilonjeza kuti akadzakhala pa banja pawo sadzakolekanso masamu a munthu kudenga. Ine zimenezi sindinkazidziwa, poti ndinali mwana. Chimene kwa ine chinali chikondwerero, kwa iwo chinalinso ntchito yowonjezera pa tsiku lotopetsa kale, komanso chikumbutso chakuti ana a anthu ena ali ndi zogula. Tsopano ali ndi zawo, anagula ndi ndalama ya geni yawo, ndipo kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, Khirisimasi ili pafupi, iwo sanafunike kugula zina chifukwa zawo zinali kale kudenga. Ndingawauze chiyani munthu wotere? Kukoma kwa zinthu zopanga pamanja kumatamandidwa kwambiri ndi amene sanagwire lezala. Ndikuvomereza zonsezi, ndipo sindikufuna kuti mtsikana aliyense azigona mochedwa chifukwa chakuti azakhali ake amasowa fungo la koloboyi. Komabe, titatsala pang'ono kudula foni, achemwali omwewo anayamba kufotokoza mmene bambo anatsalira pang'ono kugwa pa mpando chaka china, mmene amayi ankatifotokozera nthano kuti tisasinze tikumata, ndi dzina la mwana wa anansi amene ankabwera kudzathandiza kuti adye nawo mango. Anakumbukira zonse, mwatsatanetsatane kuposa ine. Za tsiku limene anagula zonyezimira zawo sanathe kunena kuti chinali chaka chiti.

Pali chinthu chimodzi chimene amayi sakanalola, ndipo ndimachikumbukira ndikaona zithunzi za pa Facebook za nkhata zokongola za kumayiko ena, zotungidwa ndi malalanje oduladula n'kuumitsa, kapena chimanga chophulitsa chotungidwa pa ulusi monga amachitira ku America. Kwathu chakudya sichinkakolekedwa kuti anthu azingochiona. Disembala ndi khomo la miyezi ya njala. Nkhokwe zambiri zimakhala zitayamba kuonetsa pansi, ndipo Januwale ndi Febuluwale akudikira kutsogolo. Ngakhale ufa wa chinangwa wa phala lomatira uja amayi ankaupima ndi supuni. Chakudya chokha chimene ndinachiona chikulendewera m'nyumba chinali ngala za chimanga cha mbewu, zomangidwa ziwiriziwiri ndi makoko ake omwe, zokolekedwa pamwamba pa moto kukhitchini kwa agogo kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Zinkada bii ndi mwaye, ndipo palibe amene akanazitcha zokongoletsa. Koma nazonso zinali ndi tsiku lake lokwera, pambuyo pa kukolola, ndi tsiku lake lotsika, mvula yoyamba ikagunda. Ikamafika Khirisimasi mtanda uja unkakhala wopanda kanthu, chifukwa mbewu ili m'nthaka.

Mayi wina woyandikana naye nyumba, wa Chikatolika, ndiye anandisokoneza maganizo pang'ono, ndipo ndimamuthokoza. Kuseri kwa chithunzi cha pakhoma pake pamakhala kamtanda kolukidwa ndi tsamba la kanjedza, kouma gwa, kotuwa. Kamakhala pamenepo pafupifupi chaka chathunthu, kuyambira Lamulungu la Kanjedza. Ndiye ngati vuto ndi kukhalitsa, kanjedza ameneyu akusiyana pati ndi zonyezimira za ku Ndirande? Mayiyo anandifotokozera kuti Lenti ikayandikira amakatenga n'kupita nako kutchalitchi, kumene kanjedza wa chaka chatha amatenthedwa, ndipo phulusa lake ndi limene amapakidwa pamphumi pa Lachitatu la Phulusa. Kenako, Pasaka ikayandikira, amalandira tsamba lina laliwisi n'kulukanso. Pamenepo ndinaona kuti nkhani si kuchuluka kwa masiku amene chinthu chakhala pakhoma. Kanjedza uja amakhalitsa, koma ali ndi kopita, ndipo mwini wake amadziwa tsiku lake. Kuuma kwake kumene kumawerenga miyezi. Pulasitiki siuma, sifota, mphemvu siziidya. Imangosuluka pang'onopang'ono mosaonetsa nyengo, ndipo palibe chimene chimakukakamiza kunena kuti zatha izi, tsitsani.

Pamene ndinaziona bwino zimenezi ndi pa maliro a amayi. M'mawa wa tsiku loika, amayi a Mvano anakhala kuseri kwa nyumba, pa mphasa, ndipo atsikana ankabwera ndi malichero a maluwa ochokera m'mipanda ya anansi: boganiviliya wofiirira, maluwa achikasu a m'mbali mwa njira, masamba a mkungudza wa kumpanda wa tchalitchi. Ankapota udzu kukhala mkombero, kuukulunga ndi luzi, n'kumasomeka maluwa limodzilimodzi. Ine ndinali nditalira mpaka mawu kutha, ndipo sindinkadziwa poika manja anga. Mayi wina wachikulire, mnzawo wa amayi wa zaka zambiri, anandikoka chitenje n'kunena kuti, "Khala apa, mwana wanga, gwira uku." Anandipatsa mkombero kuti ndigwire iye akumanga. Sitinalankhule zambiri. Minga ya boganiviliya inkatibaya, ndipo wina ankati nkhata iyi ndi ya ana, iyi ya zidzukulu, iyi ya mpingo. Ola limenelo ndi lokhalo pa maliro onse limene ndinapuma bwino. Panalinso nkhata zogula za maluwa a pulasitiki zimene anabweretsa achibale a m'tauni, ndipo anazibweretsa ndi chikondi chenicheni, ena atayenda usiku wonse, sindingawanyoze. Titabwerera kumanda patapita miyezi, zamaluwa zija zinali zitalowa m'dothi, osaonekanso. Zapulasitiki zinalipo, zotuwa, mawaya ali pamtunda, zina mphepo itazikankhira pa manda a anthu ena. Mlongo wanga anazitola n'kuima nazo m'manja, osadziwa kozitaya, poti chinthu cha pamanda sungapite nacho kunyumba, ndipo kuchitentha pomwepo sikunaoneke bwino.

Sindikufuna kunamizira kuti njira yobwerera ilipo yoongoka. Ana anga anakulira m'tauni, ndipo nditawaphikira phala la chinangwa chaka china, anasangalala usiku woyamba, usiku wachiwiri anafunsa ngati tingangogula timagetsi tothwanima. Ndinagula, ndipo timakongola ndithu magetsi akakhalapo. Ngakhale mapepala enieniwo asowa. Nyuzipepala ambiri timawerengera pa foni, makope odzaza amagulidwa ndi ogulitsa mandasi ndi mtedza kuti azikulungira, ndipo chimene chili mbwee paliponse, chimene mwana wa lero angatole chaka chonse monga ife tinkatolera timapepala tasiliva, ndi pulasitiki. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma aliyense woyenda m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe kapena wa Mudi akudziwa zimene zili m'madzimo. Choncho ana a Sande sukulu a kumpingo kwathu, atauzidwa kuti abweretse zopangira zokongoletsa, anabwera ndi zitsekerero za mabotolo, mapaketi onyezimira a tokhwasulakhwasula, ndi majumbo a mitundumitundu. Phala la chinangwa siligwira pa pulasitiki, poti limafuna chinthu chomwa madzi, choncho aphunzira kuboola zitsekerero ndi msomali wotentha n'kuzitunga pa ulusi wosomola ku thumba la feteleza, ndipo mapaketi amawadula timizere n'kumanga mfundo. Ndinakhala nawo Loweruka lina ndikuwaonerera. Phokoso lake, kukanganirana mtundu wofiira, wamkulu kulamula aang'ono, mwana mmodzi wakhama amene safuna kuthandizidwa, zonse zinali zomwe zija za pa mphasa ya ku Thondwe. Zimene akupangazo sizidzafota, mphemvu sizidzazidya, ndipo kuzitentha kungatulutse utsi woipa. Koma ndi zawo, ndipo aliyense akudziwa chigawo chimene anatunga yekha.

Sabata yatha amayi a Chigwirizano tinakumana kuti tigawane ntchito yokongoletsa tchalitchi. Mlembi anali atalemba kale mizere pa pepala: othyola maluwa ndi masamba a mango m'mawa wa pa 25, oyang'anira ana potunga, obweretsa nsalu za patebulo, okoleka. Ndinakweza dzanja n'kupempha kuti awonjezere mzere wina, wa otsitsa, ndi tsiku lake. Ena anati zimenezo zimadziwika zokha. Mayi wina anayankha kuti chaka chatha mabaluni ophwa anakhala pa mtanda wa denga mpaka Pasaka. Tinakambirana kwa kanthawi za kopita zinthuzo. Tinagwirizana kuti masamba, maluwa ndi mapepala zidzapita kudzenje la manyowa la kumunda wa abusa. Za pulasitiki sitinamvane: ena akufuna zisungidwe m'thumba kuti zidzakolekedwenso, ena akuti ana adzamasule ulusi n'kusunga zitsekerero zokha kuti chaka chamawa adzatungenso mwatsopano, ndipo nkhaniyo yatsala kuti tidzaimalize tikadzakumananso. Amayi a pampando anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, poti mwayambitsa ndinu, dzina lanu likhale loyamba pa mzerewo." Tasankha Loweruka loyamba chaka chatsopano chikalowa. Makwerero tidzabwereka kwa bambo wina wa mumpingo amene amakhoma malata, ndipo anyamata awiri a kwaya alonjeza kudzagwirira.